Masamba a pa intaneti amaidziwa bwanji foni yanu?

Pa Likoma pano ambiri timalowa pa intaneti ndi foni, tikagula bandulo ya TNM kapena Airtel. Wina akufuna zotsatira za mpira, wina mtengo wa injini ya boti. Chimene chimatitsegulira masambawo ndi pulogalamu yotchedwa browser, monga Chrome kapena Opera Mini.

Mukangodina, browser imatumiza uthenga kwa eni tsamba. Inu simuuona. Uthengawo umanena browser imene mwatsegulira ndi chilankhulo chimene munasankha m'foni. Tsambalo limathanso kufunsa mwakachetechete kuti foni ndi ya mtundu wanji, sikirini ndi yaikulu bwanji, ndiponso kwanuko nthawi ili bwanji.

Chilichonse pachokha sichingaulule munthu, chifukwa a mafoni a itel ndi Tecno ndife ambiri. Koma zikaphatikizana zimakhala chizindikiro. Msodzi wa ku Mbamba amadziwa boti la mnzake usiku pongomva kulira kwa injini, dzina asanalione. Masambanso amatero. M'chaka cha 2010 bungwe la ku America la Electronic Frontier Foundation linayesa ma browser oposa 400,000. Pa 100 alionse, oposa 80 anali ndi chizindikiro chosafanana ndi china chilichonse.

Palinso cookie, kanambala kamene tsamba limasiya m'foni kuti likuzindikireni mukabweranso. Njirayi inayamba mu 1994. Imathandiza ndithu, chifukwa simulembanso dzina tsiku lililonse. Vuto n'lakuti masamba ambiri amalowetsamo makampani otsatsa malonda, monga Google ndi Facebook, amene amaona mukuchoka tsamba ili kupita lina. N'chifukwa chake mukafufuza za injini lero, mawa malonda a injini amakulondolani.

Cookie imafufutika. Chizindikiro chija n'chovuta kuchibisa, ngakhale mutatsegula Incognito, njira ya browser yosasunga mbiri ya masamba amene mwatsegula. Incognito imangobisira mwana kapena mnzanu wobwereka foni zimene mumawerenga.

Mu 2024 Malawi inakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, ndipo amaliyang'anira ndi a MACRA. Ndi lamulo labwino, koma eni masamba ambiri ali kunja, kutali ndi makhoti athu. Choncho tsamba la mpira likapempha kudziwa pamene muli, kanani. Zigoli sizisintha kaya muli ku Chizumulu kapena ku Nkhata Bay.

Ntchito: awiriawiri, tsegulani Chrome, lowani pa Settings, ndipo mupeze pofufutira ma cookie.