Funso Lenileni la Munthu Wobwera ku Laibulale

Ambiri timaganiza kuti ntchito ya woyang'anira laibulale ndi kudinda mabuku ndi kuletsa phokoso basi. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka tsiku limene ndinapita kukafuna mbiri ya kwathu.

Nditafika pa tebulo la mafunso ndinati, "Ndikufuna buku la mbiri ya Nsanje." Mayi amene anali pamenepo sananyamuke. Anandifunsa kuti, "Kwenikweni mukufuna kudziwa chiyani, achimwene?" Ndinanyansidwa pang'ono, komabe ndinafotokoza. Malemu agogo anga ankakonda kunena kuti kale minda yawo ya thonje inamira m'madzi a Shire ndipo sinaumenso. Ife adzukulu tinkangoti ndi nthano za okalamba. Tsono ndinkafuna kudziwa ngati zinachitikadi, ndiponso liti.

Kufunsa kotereku kuli ndi dzina lake pa Chingerezi, reference interview, ndipo kunayamba kalekale. M'chaka cha 1876, Samuel Green wa ku laibulale ya Worcester m'dziko la America analemba kuti owerenga ambiri sadziwa pofufuza, choncho woyang'anira ayenera kucheza nawo ndi kuwathandiza. Ku India, S. R. Ranganathan anasindikiza malamulo asanu a zamalaibulale mu 1931, ndipo lachinayi limatsindika zosamutayitsa nthawi wowerenga. Mfundo yake ndi yoti funso loyamba limene munthu amafunsa nthawi zambiri silikhala lenilenilo. Amabisa chifukwa cha manyazi, kapena sadziwa mawu oyenera.

Atamva nkhani yanga, mayi aja anandiuza zinthu ziwiri zimene sindikanazipeza ndekha. Choyamba, m'zikalata za nthawi ya atsamunda boma lathu linkatchedwa Port Herald, kotero wofufuza dzina loti Nsanje abwerako chimanjamanja. Chachiwiri, Elias Mandala, amene anatulutsa buku la mbiri ya alimi a m'chigwachi mu 1990, amalemba mtsinjewo kuti Tchiri monga timatchulira eni akefe. M'buku limenelo ndinapeza kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi anakwera n'kumiza madimba ambiri, ndipo ulimi wa thonje unalowa pansi. Agogo sankanama. Mayiwo anawonjezera kuti malipoti a ma DC akale ndikawafunse ku National Archives ku Zomba.

Masiku ano malaibulale a m'mayiko ambiri amayankha mafunso pa foni ndi pa imelo. Ena amati intaneti yathetsa ntchitoyi, koma ine sindivomereza. Nditalemba za kusefukira kwa madzi ku Nsanje pa intaneti, zimene zinabwera ndi za mu 2015 ndi za namondwe Freddy wa mu 2023 zokhazokha. Makina sanandifunse kuti ndikunena zaka ziti.

Ku Chigwa cha Shire kuli vuto linanso. Mlimi wa ku Ngabu kapena ku Makhanga amafunsa m'Chimang'anja kapena m'Chisena, pamene mabuku ambiri ali m'Chingerezi. Wogwira ntchitoyi kumeneko ayenera kumva zilankhulo zimenezi, komanso kuvomera kuti mayankho ena sali pa shelefu. Wofunsa za mbozi za m'thonje amutumize kwa mlangizi wa zaulimi, ndipo wofunsa za Mbona, akamaliza kumuwerengetsa zolemba za Matthew Schoffeleers, amulozere njira ya kwa akuluakulu a ku Khulubvi.