Chilumba Sichilandidwa ndi Manambala

Mphwanga,

Ndamva kuti dziko lako la mu NationStates lakula, anthu ake adutsa biliyoni, ndipo maso ako tsopano ali pa kachilumba ka mnzako kali kutsidya kwa nyanja pa mapu a chigawo chanu. Akuti mndandanda wa zombo walemba kale, ukungodikira Loweruka kuti ukaponde gombe lake. Takhala pansi kaye. Njira ukufuna kuyendayo ndinaiyenda kale, ndipo pamene pali minga ndikupadziwa.

Yamba wadziwa bwalo limene ukuvinapo. Masewerawa anawayambitsa mlembi wa ku Australia, Max Barry, mu November 2002, pofuna kutchukitsa buku lake lotchedwa Jennifer Government. Batani la nkhondo sanaikemo. Kompyuta imakupatsa dziko la anthu 5 miliyoni, imakubweretsera nkhani zoti boma lako ligamule, chiwerengero cha anthu n'kumakwera tsiku ndi tsiku, koma palibe pamene ungadine kuti mzinga ulire. Alipo ena amene amalanda zigawo pounjikana mavoti a mu World Assembly, bungwe la mayiko a m'masewerawa. Amenewo ndi masewera ena. Nkhondo ukufuna iweyo ndi yolemba: iwe ulemba zimene asilikali ako achita, mnzako ayankha zimene ake achita, nkhani n'kumatambasuka. Ili ngati nthano ya madzulo pamoto. Wina akati “Padangokhala”, pafunika wina woyankha kuti “Tili tonse”. Woyankhayo akakhala chete, nthano yafera pomwepo.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Ulendo wanga woyamba ndinalemba ndime imodzi yokha. Asilikali 2 miliyoni anatsika pagombe m'bandakucha, ndege zanga zinapsereza mabwalo onse a ndege, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mbendera yanga inali itakwera pa nyumba ya malamulo. Ndinalemba ngakhale chiwerengero cha asilikali ake amene anafa. Mwini chilumbacho anali atatha zaka akujambula mapu ake, kutcha mitsinje mayina, kulemba mbiri ya mafumu ake. Anandiyankha mwachidule kuti kwa iye nkhondoyo sinachitike, ndipo sadzaitchulanso. Ena onse m'chigawomo anamutsatira. Ndinatha miyezi ndikulemba ndekha, popanda wondiyankha. Mchitidwe umenewu osewera amautcha godmodding: kudziyesa mulungu m'nkhani, kugamula zimene zagwera anthu a mnzako, kukana kuti ako angavulale. Dzina limeneli likakumata silichoka msanga.

Choncho chida chako choyamba si chombo ayi, ndi uthenga. Gogoda kaye. M'masewerawa muli njira yotumizirana mauthenga, ndipo osewera amasiyanitsa mawu a IC, olankhula ngati mtsogoleri wa dziko, ndi a OOC, olankhula ngati iwe mwini wakhala pa kompyuta. Mulembere mwini chilumba ngati munthu. Muuze kuti ukufuna kuti mulembe nkhondo limodzi, umufunse ngati ali ndi nthawi ndiponso mtima wake. Akakana, landira. Akavomera, gwirizanani zinthu zisanatenthe: kodi zida zanu ndi za masiku ano kapena za m'tsogolo? Mabomba a nyukiliya aloledwa? Abwenzi angalowerere angati? Nanga chilumba chikagwa chikhala m'manja mwako mpaka liti, popeza palibe amene amakondwa kulandidwa dziko limene analimanga kwa zaka? Nkhanga zinapangana kusanache. Mikangano yambiri imene ndaiona ikupha nkhani zabwino inabadwa pa mafunso amene sanafunsidwe tsiku loyamba.

Ukatero, lipatse dziko lako chifukwa chomveka. Mtsogoleri wodzuka m'mawa n'kulamula kuti chilumba chilandidwe chifukwa choti n'chaching'ono sakhutiritsa owerenga. Lima mkanganowo pang'onopang'ono: asodzi agwidwa m'madzi okanganirana, kazembe wathamangitsidwa, nyuzipepala zayamba kutukwanizana, nyumba ya malamulo yagawikana. Masabata awiri a nkhani zoterezi amamupatsa mnzako mpata wokonzeka, ndipo nkhondo ikamadzafika aliyense amakhala akuiyembekezera.

Tsopano tibwere pa madzi, pakuti apa ndi pamene achinyamata ambiri amamira. Iwe ukuwerenga asilikali. Wodziwa amawerenga zombo. Msilikali sawoloka nyanja ndi miyendo. Pa 6 June 1944, mayiko ogwirizana atasonkhanitsa mphamvu za America, Britain ndi Canada, atakonzekera kwa nthawi yoposa chaka, anatsitsa asilikali pafupifupi 156,000 ku Normandy tsiku loyamba, ndipo zinatengera zombo pafupifupi 7,000. Ngati mayiko akuluakulu amenewo anafika pamenepo, 2 miliyoni anga aja akanakwera chiyani? Germany nayo mu 1940 inali ndi asilikali amene anali atangogonjetsa France m'masabata asanu ndi limodzi, koma pofuna kuwolokera ku Britain inachita kutolera mabwato onyamula katundu m'mitsinje. Pamalo opapatiza kwambiri nyanjayo siifika ndi makilomita 35 omwe. Komabe pa 17 September chaka chomwecho Hitler anaimitsa ulendowo, ndipo sunachitikenso, chifukwa ndege zake zinalephera kulamulira mlengalenga ndipo zombo za Britain zinali zidakali zamphamvu. Chombo chodzaza asilikali chili ngati nkhuku yofungatira: sichithawa, sichimenya. Usachitulutse padoko mlengalenga muli akabawi. Lemba kaye nkhondo ya ndege, lemba kusaka sitima zoyenda pansi pa madzi, lemba kuchotsa mabomba otchera m'nyanja, ndipo pa sitepe iliyonse umusiyire mnzako mpata woyankha.

Usaiwalenso kuti nyanja ili ndi mtima wake. Aliyense amene anaonapo mwera utakwiya pa nyanja yathu amadziwa kuti woyendetsa bwato salamula mphepo. Mfumu ya a Mongol, Kublai Khan, inatumiza zombo ku Japan kawiri, mu 1274 ndi mu 1281. Pakati pa maulendo awiriwo eni dziko anamanga khoma la miyala m'mbali mwa Hakata Bay, ndipo ulendo wachiwiri adaniwo anasowa potsikira, nakhala m'zombo kwa masabata mpaka namondwe anawapeza n'kuwaphwanya. Ngakhale Eisenhower, mkulu wa asilikali a mayiko ogwirizana aja, anachedwetsa ulendo wa ku Normandy ndi tsiku limodzi chifukwa cha nyengo. Ika mphepo m'nkhani yako, ika mafunde, ika asilikali akusanza m'mabwato. Wolemba amene amalola nyengo kumuvutitsa yekha amapeza ulemu umene mizinga chikwi singamupatse.

Potsikira usasankhe pamene mnzako akukuyembekezera. Doko lalikulu limakopa chifukwa zombo zimatsitsa katundu mosavuta, koma mwini wake akudziwanso zimenezo. Pa 19 August 1942 asilikali pafupifupi 6,000, ambiri a iwo a ku Canada, analunjika pa doko la Dieppe maso ndi maso. Oposa theka anaphedwa, kuvulazidwa kapena kugwidwa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake mu 1944 anatsikira pa magombe opanda doko, atanyamula madoko awo opanga okha otchedwa Mulberry, kwinaku atapusitsa Germany kuti akatsikira ku Pas-de-Calais. Tenga mapu a mnzako uwawerenge ngati wosewera bawo amene amawerenga nkhomo asanatape. Mchenga uli kuti, matanthwe ali kuti, msewu wochoka kugombe ukulowera kuti? Kuwerenga mapu ake mosamala ndi ulemunso kwa iye, chifukwa akuona kuti ntchito yake waitenga ngati yeniyeni.

Phazi likaponda mchenga, funso lenileni limayamba: adya chiyani mawa? Msilikali aliyense amafuna chakudya, madzi, zipolopolo ndi mankhwala tsiku lililonse. Kasinja aliyense amamwa mafuta ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Zonsezi ziyenera kuwoloka nyanja yomweyo, lero, mawa ndi mkuja. Mu 1982 Britain inatumiza zombo mtunda wa makilomita pafupifupi 13,000 kukalanda zilumba za Falkland zimene Argentina inalowamo pa 2 April. Asilikali anatsikira ku San Carlos pa 21 May. Patangotha masiku anayi, mizinga ya Exocet inagunda chombo chonyamula katundu cha Atlantic Conveyor, ndipo mwa mahelikopita akuluakulu anayi a Chinook panatsala imodzi yokha. Asilikali amene anayenera kuuluka anayenda pansi makilomita pafupifupi 90 m'chisanu ndi m'matope, katundu ali kumsana. Chombo chimodzi chopanda mfuti chinasintha nkhondo yonse. Mnzako akalemba kuti walunjika mizinga pa chombo chako cha mafuta, usathamangire kunena kuti yonse yaphonya. Lola chimodzi chipse, kenako ulembe mmene akuluakulu ako akusinthira mapulani. Pamenepo ndi pamene nkhani imakoma.

Lamulo lake ndi ili, ndipo ulisunge ngati mbewu: iwe umalemba chimene waponya, mnzako ndiye amalemba chimene chagwa. Akufa ako uwerenge wekha, ndipo uwerenge moona mtima. Ukaluza zombo ziwiri mosabisa, naye adzachita manyazi kukana kuti mzinga wako unagunda bwalo lake la ndege. Ukakana chilichonse, naye akana chilichonse, ndipo mudzatsala anthu awiri okuwirana manambala. Ndiponso usalembe za magulu ankhondo okhaokha. Sankha munthu mmodzi: mnyamata amene akutsika m'bwato madzi ali m'chifuwa, namwino amene mabandeji amuthera, woyendetsa chombo amene sanagone masiku atatu. Owerenga amaiwala kuti unali ndi akasinja angati, koma mnyamata uja samuiwala.

Ndiye pali chinthu chimene agogo athu ena anachiona ndi maso. Mu 1942 Britain inafuna kulanda Madagascar m'manja mwa boma la Vichy la ku France, poopa kuti Japan ingaikepo zombo zake. Asilikali anatsika pa 5 May, ndipo doko la Diego Suarez linagwa m'masiku ochepa chabe. Koma chilumbacho sichinagwe. Pa 10 September asilikali a King's African Rifles, mwa iwo muli gulu lochokera ku Nyasaland, anatsikira ku Majunga n'kuyamba ulendo wa ku likulu la chilumbacho, Tananarive, kumene anafika pa 23 September. Njira yonse ankapeza milatho yogumulidwa ndi misewu yotsekedwa ndi mitengo ndi miyala, malungo nawo akugwetsa anthu. Bwanamkubwa Armand Annet anapitiriza kubwerera kum'mwera mpaka anagonja mu November. Doko masiku ochepa, chilumba miyezi isanu ndi umodzi. Choncho usaganize kuti mbendera ikakwera pa likulu ndiye kuti watha. Ndani adzayatsa magetsi? Misika idzatsegulidwa liti? Anyamata amene athawira kumapiri ndi mfuti udzatani nawo? Walira mvula walira matope. Mulole mnzako alembe za anthu ake akukukana usiku, akudula mawaya, akubisa mfumu yawo. Gawo limeneli nthawi zambiri limaposa nkhondo yeniyeniyo kukoma, ndipo limamusiyira iye mawu m'dziko lake lomwe.

Dziwanso potsekera. Nkhondo zambiri zolemba sizitha ndi kugonja kwa wina, zimangozilala chifukwa mayeso afika, ntchito yachuluka, kapena intaneti yadula. Mnzako akachedwa kuyankha sabata yathunthu, usalembe kuti asilikali ake athawa; mufunse ngati ali bwino. Ndipo moto usanazime wokha, khalani pansi mulembe pangano la mtendere. Tenga doko limodzi kapena ufulu wosodza, umubwezere dziko lake. Ngati iwe ndiye wagonja, lemba kubwerera kwa zombo zako ndi mtima wonse, monga ukanalembera chipambano. Osewera amene ndimawakumbukira mpaka lero si amene sanagonjepo, koma amene anadziwa kugonja mokongola.

Chomaliza, mphwanga, ndipo ichi ndikunena ndi mtima wolemera. Mayina onse ndatchulawa, Dieppe, Normandy, San Carlos, Majunga, ndi malo amene kuli manda. Ku Falkland kokha, m'masiku 74, kunafa asilikali 649 a Argentina, 255 a Britain, ndi amayi atatu a pachilumbapo. Ambiri anali a msinkhu wako. Tikabwereka nkhani zawo kuti masewera athu amveke enieni, tizibwereke mogwada. Usalembe kuphedwa kwa anthu wamba ngati chinthu chosekeretsa, ndipo chidani cha m'nkhani usachitengere kwa munthu amene ali kuseri kwa kompyuta inayo. Nkhondo simanga mudzi, ngakhale mudzi wa pa intaneti.

Ine mwini chilumba uja ndinakamupepesa patatha nthawi. Anandilandira, ndipo tinayambiranso, ulendo uno titagwirizana zonse. Nkhondoyo tinailemba miyezi inayi. Ndinataya zombo zambiri, ndinatsika pagombe lachiwiri loyamba litandikana, ndipo likulu lake sindinalione n'komwe. Tinathera pa tebulo la mtendere. Pa nkhani zonse ndinalembapo, imeneyo ndiyo ndimainyadira.

Loweruka likubwera. Mndandanda wa zombo uja uusunge, udzaufuna. Koma usanamasule chingwe cha bwato ngakhale limodzi, mulembere mwini chilumba, unene “Padangokhala”, kenako udikire. Ukamva “Tili tonse”, kweza nangula.