Mphaka Wokalamba Akafa Miyendo Yakumbuyo Mwadzidzidzi

Mphaka amateteza nkhokwe yathu ku makoswe, koma nayenso amakalamba. Akafika zaka 11, madokotala a ziweto amamuika m'gulu la okalamba. Pa msinkhu umenewu, mphaka amene anadya bwinobwino m'mawa akhoza kupezeka madzulo akulira mokweza, akukwawa ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikungokokeka pansi. Ena amathamangira kunena kuti walodzedwa. Ayi, ndi matenda. M'phunziro lino tiona mmene amayambira ndi zimene tingachite.

Vuto limayambira mu mtima

Mtima wa mphaka uli ndi zipinda 4, ndipo ntchito yake ndi kupopa magazi kuti afike thupi lonse. Amphaka ena akamakula, mnofu wa mtima umakhuthala n'kulimba. Zikatero, chipinda chakumtunda kumanzere chimakula, magazi amachedwa kutulukamo, mapeto ake amaundana.

Tsiku lina kachidutswa ka magazi oundanawo kamanyotsoka. Kamatuluka mu mtima n'kulowa mu mtsempha waukulu umene watsika motsata msana. Chakuchiuno mtsemphawu wachita mphanda: nthambi ina yalowera kumwendo wamanja, ina kumwendo wamanzere. Pamphandapo m'pamene kachidutswa kaja kamakakamira.

Taganizirani mwala utatseka ngalande pamene madzi amagawikana kupita m'mabedi awiri a kudimba. Mabedi onse awiri amauma. N'chimodzimodzi ndi miyendo ija. Magazi akaleka kufikako, miyendo imafa mphamvu nthawi yomweyo, ndipo ululu wake ndi woopsa. Nthawi zina umagwidwa mwendo umodzi wokha.

Chovuta n'chakuti mphaka amabisa matenda. Ambiri saonetsa kuti mtima wawo uli ndi vuto mpaka tsiku logwalo.

Zizindikiro zake

1. Mphaka amagwa mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono.
2. Amalira kwambiri chifukwa cha ululu.
3. Mapazi akumbuyo amazizira, pamene akutsogolo ali ofunda.
4. Kunsi kwa mapazi akumbuyo kumatuwa.
5. Minofu ya miyendo imalimba gwaa.
6. Amapuma mofulumira, mwina kukamwa kuli yasaa.

Matenda ena ogwira miyendo

Si mphaka aliyense wolephera kuyenda amene ali ndi magazi oundana.

Ngozi. Kugundidwa ndi galimoto kapena njinga, kugendedwa, ngakhale kulumidwa ndi galu kungathyole chiuno kapena msana.

Matenda a shuga. Mphaka wathanzi amayendera zala. Wa shuga amayamba kuponda ndi zidendene, amamwa madzi ambiri, amakodza pafupipafupi, ndipo amaonda ngakhale akudya.

Impso. Zikatopa, thupi limataya mchere wina wofunika ku minofu. Mphaka amafooka thupi lonse, mutu uli zyoli.

Nyamakazi. Iyi imabwera pang'onopang'ono. Mphaka amayamba waleka kudumpha pawindo kapena kukwera mumtengo.

Chiwewe. Kuno kwathu matendawa alipo, ndipo amagwiranso amphaka. Mphaka wosabayitsa katemera amene wasintha khalidwe, akutuluka dovu, kenako wafa miyendo, musamugwire. Itanani alangizi a ziweto. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zoyenera kuchita kunyumba

Mphaka akamamva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Mufunditseni chitenje kapena thaulo, mumunyamule mosamala osapinda msana, mumugoneke m'katoni yokhala ndi mabowo olowera mpweya. Ana asamuzungulire. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli la BSPCA, ndipo m'maboma muli maofesi a zaulimi kumene kumapezeka alangizi a ziweto.

Musamupatse Panado. Mankhwalawa amatithandiza ife anthu, koma kwa mphaka ndi poizoni. Chiwindi chake sichitha kuwasungunula, moti m'bulu umodzi wokha ungathe kumupha. Brufen nayenso amaononga impso ndi m'mimba mwa mphaka.

Musamuthowe miyendo ndi madzi otentha, ndiponso musamugoneke pafupi ndi mbaula. Mwendo wakufa sumva kutentha, choncho akhoza kupsa osadziwa. Musamukakamize kudya kapena kumwa, angatsamwe.

Zimene dokotala amachita

Dokotala amayamba ndi mafunso: zayamba liti, ali ndi zaka zingati, anabayitsa katemera wa chiwewe kapena ayi. Kenako amagwira mkati mwa ntchafu kuti amve ngati mtsempha ukugunda. Ukakhala zii, amadziwa kuti magazi sakudutsa. Amamvetsera mtima, amayeza kutentha kwa thupi, ndipo kumene kuli zipangizo amajambula mafupa ndi mtima n'kuyezanso magazi.

Akapeza kuti ndi magazi oundana, choyamba amabaya jekeseni woletsa ululu. Amaperekanso mankhwala oti magazi asapitirize kuundana, monga clopidogrel, ndi ena othandiza mtima. Amphaka ena amayambanso kuponda pakapita masiku kapena milungu ingapo. Komabe mtima umakhala ukadali wodwala, ndipo vutoli limakonda kubwereranso. Ambiri sapulumuka, makamaka amene afa miyendo yonse iwiri ndipo thupi lazizira. Ululu ukakana kutha, dokotala angalangize zomugoneka ndi jekeseni kuti asavutikenso. Imeneyo si nkhanza.

Kusamalira amene wabwerako

Mugonekeni pofewa ndi pouma, muzimutembenuza kuti asachite zilonda. Chakudya, madzi ndi mchenga wodzithandizirapo zikhale pafupi. Onetsetsani kuti akukodza. Mankhwala mupatseni monga wanenera dokotala. Akagona tulo, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi. Kukamapitirira ka 30, bwererani naye msanga.

Mafunso okambirana

1. Kodi magazi oundana amachokera kuti, ndipo amakakakamira pati?
2. Mungasiyanitse bwanji nyamakazi ndi magazi oundana?
3. N'chifukwa chiyani mphaka sayenera kumwa Panado?
4. Kwanuko, alangizi a ziweto amapezeka kuti? Lembani dzina la malowo m'kope mwanu.

Kumbukirani

Bayitsani katemera wa chiwewe amphaka ndi agalu anu chaka chilichonse. Mphaka wokalamba akagwa mwadzidzidzi, mapazi akumbuyo atazizira, musadikire kuti kuche. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.