Phunziro la Nyengo ya Chilengedwe: Gogo wa Njovu

Kuyambira pa 1 September mpaka pa 4 October, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, Mpingo umakhala mu Nyengo ya Chilengedwe. Phunziro la sabata ino likuchokera ku Amboseli m'dziko la Kenya, kumene mayi Cynthia Moss adayamba kutsata moyo wa njovu mu 1972. Iwo sadazitsekere m'khola ayi. Ankaimika galimoto chapatali n'kumaziyang'ana tsiku ndi tsiku, mpaka adafika pozindikira iliyonse poona mmene makutu ake adang'ambikira, ndipo adazipatsa maina.

Adaona kuti banja la njovu limatsogoleredwa ndi yaikazi yokalamba. Zamphongo zikakula zimachoka, koma ana aakazi ndi zidzukulu zimatsala kwa gogoyo. Mwana wa njovu amakhala m'mimba miyezi 22, ndipo akabadwa zazikazi zonse zimathandizana kumulera. Chilala chikafika povuta, gogoyo ndiye amakumbukira kumene kudapezeka madzi ndi msipu zaka zambiri zapitazo. Kukamveka kubangula kwa mkango, banja lonse limaunjikana pomwe waima iye, ana ali pakati.

Tsoka lake n'lakuti opha nyama mozembera malamulo amafuna minyanga ikuluikulu, ndipo imeneyi imapezeka pa njovu zokalamba. Chipolopolo chimodzi chimasiya banja lonse likusowa kolowera.

Nzeru zotere zidagwira ntchito m'Malawi mu 2016 ndi 2017, pamene njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Osamutsawo ankasamala kuti asagawe banja: gogo, ana ndi zidzukulu zinkayenda ulendo umodzi.