Malangizo: Kupereka Lipoti la Msewu Woonongeka Pogwiritsa Ntchito Foni

M'mizinda ina muli mapulogalamu a pafoni operekera madandaulo a misewu. Ku Britain anayambitsa FixMyStreet mu 2007, ndipo ku Johannesburg bungwe losamala misewu ya mumzindawo linakhazikitsa Find & Fix mu 2014. Munthu amajambula dzenje, foni imasonyeza malo ake, ndipo ofesi imalandira dandaulo nkulipatsa nambala. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuno kwa Phalula angachite zomwezi ndi WhatsApp komanso kaundula wosamalidwa bwino.

1. Dziwani mwini msewu. Msewu wa M1, wodutsa pa Phalula pakati pa Zalewa ndi Chingeni, uli m'manja mwa Roads Authority. Ndalama zoukonzera zimachokera ku Roads Fund Administration, yomwe imalandira msonkho wa pa mafuta a galimoto ndi ndalama za pa tolugeti monga ya pa Chingeni, imene inayamba mu 2021. Misewu ya fumbi yolowa m'midzi imayang'aniridwa ndi khonsolo ya Balaka kudzera ku ofesi ya Public Works. Dandaulo lopita ku ofesi yolakwika limangogona m'faelo.

2. Jambulani zithunzi zitatu. Choyamba chionetse msewu ndi chizindikiro chodziwika, monga mlatho, sukulu kapena chikwangwani. Chachiwiri chikhale chapafupi. Pa chachitatu imikani ndodo m'dzenjemo, ndipo njinga ikhale pambali, kuti injiniya aone kuya ndi kukula kwake. Pa M1 jambulani muli m'mbali, mnzanu akuyang'ana magalimoto.

3. Tumizani malo enieni. Yatsani Location pafoni mutaima pamalopo, tsegulani WhatsApp, dinani kachizindikiro kophatikizira zinthu, sankhani Location, kenako tumizani malo amene mwaimawo. Mawu akuti "pafupi ndi mtengo wa mlambe" sathandiza munthu wochokera ku Blantyre, chifukwa milambe njambiri kuno.

4. Tchulani vutolo ndi gwero lake. Lembani ngati ndi dzenje, phula logumuka m'mphepete, kalavati yotsekeka kapena mlatho wokokoloka. Nthawi zambiri chimene chimapha msewu ndi madzi: ngalande ikadzadza mchenga, madzi amalowa pansi pa phula, nthaka imafewa, ndipo malole olemera amangomalizitsa. Choncho jambulaninso ngalandeyo. Onjezani amene akuvutika: ambulansi yopita kuchipatala, ana asukulu, akabaza kapena galimoto yokagula thonje.

5. Vuto limodzi, lipoti limodzi. Sankhani munthu mmodzi wotumiza malipoti. Anthu makumi awiri akatumiza chithunzi chomwecho, wolandira amasokonezeka. Pamene netiweki ikuvuta, komiti ingagwiritse ntchito KoboCollect, pulogalamu yaulere imene imasunga fomu, chithunzi ndi malo popanda intaneti nkudzatumiza pambuyo pake.

6. Sungani kaundula. Lembani nambala ya lipoti, tsiku, malo, ofesi imene yalandira, yankho lake ndi tsiku limene ntchito yatha. Khansala ndi a T/A alandire kope. Werengani kaundulayu pa msonkhano uliwonse wa ADC, kuti malo ovuta alowe m'mapulani a khonsolo.

7. Yambirani nthawi yabwino. Yenderani misewu mu Epulo mvula ikangosiya, ndiponso mu Seputembala isanayambe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa mmene madzi amadulira misewu m'chigawo cha kummwera.

8. Chitani mbali yanu. Kuchotsa mchenga m'ngalande, kudzala vetiva ndi kuleka kulima m'mphepete mwa msewu ndi ntchito ya mudzi. Koma musakwirire maenje a pa tala ndi dothi nkumapempha ndalama kwa madalaivala. Dothilo limachoka ndi mvula yoyamba, ndipo anyamata ochita zimenezi amaika moyo wawo pachiswe.

9. Tsekani lipoti. Kontrakitala akamaliza, jambulaninso pamalo omwewo. Chigamba chikasweka msanga, tumizani zithunzi zonse ziwiri pamodzi ndi masiku ake.