Njoka Zinalimodi M'matumbo mwa Tambalayo

Mwezi wa Seputembala ku Kande dzuwa limakhala litayamba kuluma, mchenga wa kunyanja n'kumawotcha kumapazi. Ndi mwezi umenewu pamene mayi wina wa m'mudzi mwathu, wamasiye wolera adzukulu, anagula tambala kwa mnyamata wa njinga yemwe ankadutsa mumsewu wa M5 kulowera ku Chintheche, nkhuku zili lendelende pahandulo. Tambalayo anali wa Mikolongwe, wakuda bii, wachidali chotambasuka, koma mtengo wake unali wa msoti. Mayiwo sanafunse chifukwa chake. Anangofika naye pakhomo n'kumumasula miyendo pakati pa nkhuku zawo.

Nkhukuzo ndizo zinkagula makope a adzukulu, sopo ndi mchere. Mwera ukavuta panyanja, usipa n'kusowa, dzira ndilo linkatsitsa kondowole.

Sabata isanathe tambala uja anayamba kuwodzera masana, mapiko ali pansi, zimene anthu amati wavala jekete. Zitosi zake zinali zamadzimadzi, zobiriwira, zomata nthenga za kumbuyo. M'mawa mwake mathadzi ena anayamba kuchita chimodzimodzi. Mayiwo anati mpeni ufike msanga nyama isawonongeke. Potumbula tambalayo anang'amba matumbo, ndipo anapezamo njoka zam'mimba zoyera, zina zotalika ngati chala, zikuyendayenda. Anaziika patsamba la chinangwa n'kuitana oyandikana nawo.

"Ama, matendawo ndi amenewa," anatero mpongozi wawo. "Tumani mwana ku Chintheche akagule mankhwala a njoka."

Palibe anatsutsa, chifukwa umboni unali patsamba, aliyense akuuona ndi maso. Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa, chifukwa mayiwo sanachite zaulesi kapena zaumbuli. Anafufuza, anapeza chinthu chenicheni, n'kuchitapo kanthu. Chimene sankadziwa n'chakuti mutatumbula nkhuku zoyendayenda za m'midzi ya kunyanja kuno, ngakhale zathanzi, zambiri mungazipeze ndi njoka. Boma la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri, nthaka imakhalitsa ndi chinyezi, ndipo mazira a njokazi, omwe amatuluka ndi zitosi, amakhala amoyo miyezi m'dothi lonyowa mpaka nkhuku ina iwatole pojompha. Palinso njoka zaphanthiphanthi zomwe nkhuku imazitenga pomeza nyerere, ntchentche, zikumbu kapena nkhono.

Njoka zimadya nkhuku pang'onopang'ono. Nkhuku imadya koma osanenepa, fupa la pachidali limachita kubaya ukaigwira, mazira amachepa, anapiye amapinimbira. Zikachulukitsa zimatha kutseka matumbo n'kupha mwanapiye. Koma sizigwetsa nkhuku zazikulu zonenepa, lero iyi mawa iyo, khola lonse m'sabata imodzi. Imfa yothamanga choncho imakhala ndi mwini wake wina.

Mdzukulu anabwera ndi piperazine, mankhwala enieni a njoka zozungulira, ndipo wogulitsa anapereka zimene anapemphedwa. Anasungunula m'madzi akumwa. Mawa lake njoka zinayamba kutuluka m'zitosi, mayiwo mtima n'kukhala pansi. Kuti zichire msanga anawonjezera makapusozi a anthu omwe anatsala m'nyumba, anasinjiramo tsabola ndi alovera, n'kumamwetsa nkhuku iliyonse ndi supuni imodzimodziyo, yodwala ndi yosadwala yomwe. Nkhuku zinapitiriza kufa. Ina inkapuma mobanika, mlomo uli yasa. Ina khosi linapotoka, mutu kuyang'ana kumwamba, ikungozungulira pamalo amodzi.

Popeza ankakhulupirira kuti vuto lili m'dothi la pakhomo pawo, anaganiza zopulumutsa zotsala. Misoti iwiri yooneka yathanzi anaiika m'dengu n'kuitumiza pa minibasi kwa mng'ono wawo ku Mpamba kuti akaisunge. Zina anagulitsa kwa amayi ophikira asodzi kugombe. Zakufa zinadyedwa, nthenga ndi matumbo zinatayidwa kudzala, agalu n'kumazikokera m'makomo mwa anthu. Madzi otsukira nyama anakhuthulidwa pabwalo pomwe nkhuku za eni zimadzapalasa.

Mlangizi wa ziweto anamva nkhaniyi makomo ambiri atakhudzidwa kale. Atafika sanayambe wafunsa za mankhwala. Anawerama n'kuyang'ana zitosi pansi pa khola, anaona thadzi lopotoka khosi lija, kenako anafunsa ngati panabwera nkhuku yachilendo.

"Ada, njokatu ndinaziona ndi maso angawa," anatero mayiwo.

"Munazionadi, ama, ndipo mankhwala munagulawo anagwira ntchito yake. Koma ichi ndi chitopa. Chinabwera ndi tambala uja."

Chitopa chimayamba ndi kavairasi, ndipo palibe kapusozi, piperazine kapena muzu umene umakapha. Nkhuku imatha kukatenga n'kukhala masiku angapo, nthawi zina mpaka masabata awiri, ikuoneka yabwinobwino. N'chifukwa chake wogulitsa amene khola lake lagwidwa amathamangira kumsewu ndi zotsala, mtengo atatsitsa. Chimene chimateteza kwambiri ndi katemera. Wodziwika m'midzi ndi I-2, yemwe anayambira ku University of Queensland ku Australia ndipo kuno amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, kaya ndi mwanapiye kaya tambala, kubwereza miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, choncho amatha kufika ngakhale kumalo ovuta mayendedwe ngati ku Usisya. Koma amateteza nkhuku yathanzi basi, yodwala kale saichiza. Opereka katemera anadutsapo m'mudzimo chaka chimenecho, ndipo mayiwo, monga ambiri, anakana kulipira kandalama kake ponena kuti nkhuku zawo sizikudwala.

Mlangiziyo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kufotokozera anthu kuti nkhuku ikatsegula m'mimba, zitosi zimanena zambiri ngati munthu atawerama n'kuziyang'ana pamodzi ndi msinkhu wa nkhukuyo ndi liwiro la imfa. Mwachitsanzo, nthawi ya dzinja anapiye a masabata atatu mpaka sikisi amatha kuyamba kuchita zitosi zamagazi, atazyolika, nthenga zili nyankhalala. Kawirikawiri amenewo ndi matenda a coccidiosis, oyamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhwima m'zitosi zonyowa m'tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala ake alipo, monga amprolium, omwe amamwetsa masiku angapo otsatizana malinga ndi malangizo a papaketi, koma khola likapitirira kunyowa matendawo amabwerera. Zitosi zoyera zomata kumbuyo kwa anapiye a masiku ochepa zimaloza kwina, ku mabakiteriya, ndipo pamenepo mlangizi ndiye asankhe mankhwala. Nthawi zinanso m'mimba mumatseguka chifukwa cha chakudya chabe: madeya ochita nkhungu, zowola za usipa pansi pa thandala, kapena madzi a pachithaphwi.

Za njoka sananene kuti azisiye. Anati piperazine amachotsa njoka zozungulira zikuluzikulu zokha, zaphanthiphanthi sazikhudza, ndipo amafunika kubwereza pakapita masabata awiri kapena atatu chifukwa zing'onozing'ono zimatsala. Anati khola likhale lam'mwamba kuti zitosi zizigwa pansi, azisesa n'kuwazapo phulusa, madzi akumwa azisintha tsiku lililonse, ndipo nkhuku yachilendo iziyamba yakhala payokha masabata awiri.

Za makapusozi ndikufuna ndinenepo ndekha, chifukwa chizolowezichi chazika mizu m'makomo ambiri. Mankhwala amene munthu analandira kuchipatala n'kusiya osamaliza ndi omwewo amathera m'chigoba cha madzi a nkhuku, mosayeza, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mlingo wosakwana umangophunzitsa mabakiteriya kupirira, ndipo mabakiteriyawo ali m'zitosi za pabwalo pomwe mwana akukwawa n'kumaika dzanja mkamwa. Tsiku limene mwanayo adzatsegule m'mimba, mankhwala omwewo akhoza kukanika. Nyama ndi mazira a nkhuku yomwe yangomwa mankhwala zimakhalanso ndi zotsalira zake, n'chifukwa chake papaketi amalemba masiku oti munthu adikire asanadye.

Nkhuku zotsala zakufa anazikwirira m'dzenje lakuya tsiku lomwelo, ndipo mlangizi anati khola likhale lopanda kanthu mwezi wathunthu asanaikemo ina. Mayiwo anapempha mpongozi wawo kuti aimbe foni ku Mpamba, auze mng'ono wawo apatule misoti ija msanga. Anayankha ndi mng'onoyo mwini. Anati msoti umodzi unafa kale dzana, ndipo m'mawa umenewo nkhuku zake zinayi zakana kutuluka m'khola.