Njira ya Dzulo Si Njira ya Lero

Ndalama za nsawa ndi soya zikalowa m'thumba mwezi wa Juni, anyamata ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba salota china koma honda. Wina wa m'dera la mfumu Nyamphande anagula Boxer yake nyengo imeneyo, nayamba kunyamula anthu ndi katundu kuchokera m'midzi kukawatula pa boma ndi pa mphambano ya Great East Road. Kuyendetsa anaphunzira m'chilimwe, njira zili gwa, makwawa ali ouma. Pofika Okutobala ankadziwa dzenje lililonse ndi muzu uliwonse wa m'njira ya kwawo, moti ankati angathe kuyendamo atatsinzina.

Madzulo ankaonera pa foni mipikisano ya motocross, ija anthu amalumpha zitunda za dothi njinga ili m'malere. M'mawa mwake ankayeserera: kudzutsa tayala lakutsogolo, kukhota mwaliwiro fumbi lili koboo. Anzake pa siteji ankamuimbira mluzu.

Tsiku lina anapatukira kwa amalume ake, amene amakonza njinga pa msika. Mkuluyo anatsina tayala ndi chala, nagwedeza mutu.

"Mphwanga, matayalawa wakupopera ndani chonchi?"

"Ndapopa ndekha, amalume. Akalimba njinga imathamanga, mafuta simwa ambiri, ndipo matumba awiri a feteleza imanyamula osadandaula."

"Nanga tchenichi wachikokeranji mpaka kuuma? Mabuleki akumbuyo nawonso atha. Mitambo ija ukuiona? Ubwere nayo Loweruka tiikonze mvula isanagwe."

"Ndamva, amalume."

Loweruka ndi tsiku la ndalama. Sanabwere.

Chimene foni sinamuonetse mnyamatayu ndi ntchito imene imachitika mpikisano usanayambe. Masewerawa ku Zambia si achilendo: mu 2018 mzinda wa Kitwe unalandira mpikisano wa mayiko a mu Africa wotchedwa Motocross of African Nations. Pa bwalo lililonse lotere, wopikisana amayamba wayendera njira yonse, nthawi zambiri wapansi, kenako amazungulira pang'onopang'ono pa njinga. Amafuna adziwe pamene pali mchenga, pamene athira madzi, pamene mizere ya matayala yazama. Akatero ndiye amakonza njinga molingana ndi dothi la tsikulo. Dothi lofewa lili ndi tayala lake la mano ataliatali otalikirana, dothi lolimba lili ndi lakenso. Mpweya amayeza ndi geji, osati ndi chala, ndipo umakhala wochepa, pafupifupi 12 mpaka 14 psi, kuti tayala ligwire nthaka. Mashoko ake amatha kulowa pafupifupi masentimita 30, ndipo amawachuna molingana ndi kulemera kwa wokwerayo. Fyuluta ya mpweya amaitsuka kawirikawiri chifukwa fumbi likalowa mu injini limaidya. Mwiniwakeyo amavala chipewa cholimba, nsapato zofika m'mawondo ndi zoteteza chifuwa. M'mbali mwa bwalo mumakhala anthu a mbendera ochenjeza, ndi ambulansi yodikira. Onse amalowera mbali imodzi, ndipo palibe ngolo ya ng'ombe kapena mwana wa sukulu amene angatulukire pa ngodya.

Boxer kapena TVS ya kumudzi siinapangidwire zimenezo. Mashoko ake ndi aafupi, matayala ake ndi a pa tala ndi njira zouma, ndipo mabuleki a zambiri mwa njingazi ndi a dilamu. Buku lake limafuna mpweya wa pafupifupi 25 psi kutsogolo ndi 28 mpaka 32 kumbuyo, kutengera ngati pali wokwera. Kupyoza apo, mbali ya tayala yogunda pansi imachepa, njinga imadumphadumpha pa miyala, pa matope n'kumangosereleka. Koma kuphwetsa mpaka 12 motsanzira a mpikisano ndi ngozi inanso, pakuti iwo ali ndi chitsulo chomangira tayala ku limu. Popanda icho tayala limatha kuzungulira pa limu n'kung'amba chubu pa valavu. Tcheni nachonso chimafuna mpata wa masentimita 2 mpaka 3 posewera, chifukwa katundu akatsindika kumbuyo chimakokeka. Chokokedwa kale chimadya masipuloketi, mwinanso kuduka njinga ili pa liwiro.

Mvula yoyamba inagwa usiku wina wa Novembala. M'mawa mnyamata uja anapeza mayi wina amene anafuna kubwerera kumudzi ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50. Thumba anamangirira kumbuyo kwenikweni, mayiyo nakhala pakati, mwana ali kumsana. Chipewa chinali chimodzi, chomwecho chili pa chiwongolero. Kulemera konse kutapita kumbuyo, tayala lakutsogolo linapepuka.

Pa msewu wa miyala zonse zinali bwino. Atapatukira njira ya kumudzi anapeza khwawa lija limene anakhala akulidutsa louma miyezi yonse likuyenda madzi ofiira. Madzi saiwala khwawa, koma iye anali ataiwala madzi.

"Mwananga, imani nditsike, ndiwoloke ndi miyendo," anatero mayiyo.

"Musaope, amayi. Njira ino ndi yanga."

Anawolokadi, madzi akufika m'mahabu. Sanadziwe kuti buleki ya dilamu ikamwa madzi simagwira mpaka itauma, ndipo kuti woyendetsa wodziwa amaiponda pang'onopang'ono akuyenda mpaka aimve kuti yabwerera. Kutsogolo kunali chitunda, kuseri kwake kutsetsereka kolowera m'dambo la makande. M'chilimwe makande amalimba n'kung'ambika ming'alu, koma akangonyowa amaterera ngati therere, ndipo amamatirira m'mizere ya tayala mpaka lisanduke losalala. Anatsika ndi giya yaikulu monga mwa masiku onse. Pa ngodya panatulukira ngolo. Anaponda buleki yakumbuyo, palibe chinachitika. Mwamantha anafinya yakutsogolo ndi mphamvu zonse, ndipo itagwira mwadzidzidzi tayala lopepuka lija linangothawira kumbali.

Mwana anapulumuka chifukwa amake anagwera cham'mbali atamutchinga. Mayiyo mwendo unathyoka pawiri, njinga ndi thumba zitamupsinja. Mnyamatayo anasupuka nkhope ndi kuthyoka phewa. Ngolo yomweyo ndiyo inawanyamula mpaka pa msewu, ndipo ku chipatala anafika dzuwa litapendeka. Chaka chimenecho munda wa mayiyo unalimidwa mochedwa. Pa milandu ya pamudzi, amalume aja, monga mwini mbumba, ndiwo anatulutsa ng'ombe yolipira. Njinga inagulitsidwa. Apolisi atafunsa laisensi ndi inshuwalansi, zimene lamulo la pamsewu la 2002 limafuna ndipo a bungwe loona za pamsewu la RTSA amakumbutsa kawirikawiri pamodzi ndi chipewa, analibe n'chimodzi chomwe.

Mnyamatayu sanali woledzera, ndipo liwiro lake silinapose la dzulo lake. Cholakwa chake chinali kukwera njinga ya Okutobala pa njira ya Novembala. Dera lino nthaka yake imasintha pa mtunda waufupi: tala ya Great East Road ndi ngodya zake zakuthwa za ku Kacholola potsikira ku mlatho wa Luangwa, miyala ya m'mapiri a kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe, mchenga wa m'mitsinje youma, makande a m'madambo. Paliponse pali kayendetsedwe kake. Mumchenga, thupi limabwerera kumbuyo, moto osausiya, buleki yakutsogolo osaikhudza mwadzidzidzi. Potsetsereka ponyowa, giya yaing'ono ndiyo imagwira njinga. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ngakhale pouma.

Choncho m'mawa uliwonse, injini isanalire, onani mpweya, tcheni, oyilo, mabawuti ndi mabuleki onse awiri. Mvula ikagwa usiku, funsani amene achokera kumene mukupitako. Pa khwawa tsitsani wokwera, muyambe mwaponda madziwo ndi mwendo wanu. Inunso okwera, ndalama ndi yanu, mwendo ndi wanunso. Mukati "imani nditsike" woyendetsa n'kuyankha kuti njira ndi yake, bwerezani mokweza mpaka aime, ndipo ulendo wina musadzakwerenso yake.